Ng'anjo Zinazima, Ng'oma Zayamba ku Ostrava

Alendo ambiri akafika ku Czech Republic amathera ku Prague. Amajambulitsa pa mlatho wa Charles, amakadikira wotchi yakale ya pabwalo la Old Town kuti ilire, amakwera phiri kukaona nyumba ya mafumu, kenaka ndege. Zonsezo n'zokongola, palibe angatsutse. Koma ngati muli ndi tsiku limodzi lapadera, kwerani sitima yolowera kum'mawa, mukhale maola atatu ndi mphindi zingapo, mukatsike ku Ostrava, kufupi ndi malire a Poland. Kumeneko kuli fakitale yakufa imene inadzuka n'kuyamba kuvina.

Malowa amatchedwa Dolní Vítkovice. Anayamba kusungunula chitsulo kumeneko m'chaka cha 1828, pamene Rudolf, bishopu wamkulu wa ku Olomouc, anakhazikitsa fakitaleyi. Mu 1843 inagulidwa ndi banja lolemera la Rothschild, ndipo inakula osati masewera. Chodabwitsa chake chinali chakuti zonse zinkachitikira mumpanda umodzi. Malasha ankakumbidwa pamgodi wa Hlubina, pomwepo n'kuwotchedwa kuti alimbe, pomwepo n'kuthiridwa m'ng'anjo zitalizitali, chitsulo n'kutuluka chili madzi ofiira psuu. Nthawi ya chikomyunizimu mzindawu ankautamanda kuti ndi mtima wachitsulo wa dziko lonse. Mtimawo unkafuka utsi usana ndi usiku. Makoma anali akuda bii, mwaye uli paliponse, ndipo munthu wofuna kupuma mpweya wabwino sakanalota n'komwe zopita ku Ostrava kutchuthi.

Chikomyunizimu chinagwa mu 1989, migodi inayamba kutsekedwa umodziumodzi. Malasha omaliza a mumzinda wa Ostrava anatuluka pansi mu 1994, ndipo mu September 1998 ng'anjo za ku Vítkovice zinatulutsa chitsulo chomaliza patatha zaka 170. Kunangoti zii. Ntchito zinatha, mapaipi anachita dzimbiri, udzu unayamba kumera m'njanji. Malo otere kwina nthawi zambiri amangowagumula n'kugulitsa zitsulozo pakilo. Mwayi wake, mu 2002 boma linaika malowa m'gulu la chuma cha mbiri ya dziko chosayenera kuwonongedwa.

Ndiye kunabwera katswiri wojambula mapulani a nyumba, Josef Pleskot, mothandizana ndi wamalonda Jan Světlík. Nzeru yawo ndiyo imandisangalatsa kuposa zonse: sanalimbane ndi dzimbiri. Sanalipale, sanalibise ndi penti. Anasiya chifakitalecho chili chofiirira momwemo, iwo n'kulowetsa moyo mkati.

Yambani ndi Gong. Chinali chithanki chachikulu chozungulira chosungiramo gasi wochokera m'ng'anjo, chomwe chivindikiro chake chinkakwera gasi akachuluka ndi kutsika akachepa. Fakitale itatsekedwa chivindikirocho chinakhala pansi. Amisiri anachinyamula, chonsecho, nachimangirira m'mwamba kuti chikhale denga, ndipo m'munsi mwake anamangamo holo ya mipando pafupifupi 1,500. Inatsegulidwa mu 2012. Tangoganizani: malo amene munthu akanangolowamo akanabanika n'kufa, lero anthu amalowamo atavala masuti ndi madiresi a pamwamba kukamvera nyimbo za ma vayolini. Mukakweza maso mumaona zitsulo zakale zomwezo ndi misomali yake, zikuyang'ana pansi ngati zikudabwa kuti alendo onunkhira perefyumuwa achokera kuti.

Tsopano ng'anjo nambala 1. Amakupatsani chisoti cholimba, monga ankavalira antchito, n'kukukwezani m'chikepe chodutsa njira yopendekeka imene kale inkanyamula miyala ya chitsulo ndi malasha kupita kukamwa kwa ng'anjoyo. Lero katundu wake ndinu. Wokuperekezani amakusonyezani pamene pankatulukira chitsulo chamoto, ndipo mumasuzumira m'mimba mwa ng'anjo momwe kale munkatentha kupitirira madigiri 1,500. Pamwamba pake anamangapo nsanja ya magalasi yotalikitsa ng'anjoyo kufika mamita pafupifupi 78. Imatchedwa Bolt Tower, ndipo mwini dzina, Usain Bolt wa ku Jamaica, anabwera yekha kudzaipatsa dzinalo mu 2015. Sikuti anangomuitana poti ndi wotchuka ayi. Ankabwera kawirikawiri ku Ostrava kudzathamanga pa mpikisano wa Golden Spike, moti anthu a kumeneko amamuyesa wawo. Mkati mwa nsanjayo muli malo omwera khofi. Mumakhala pamwamba pa ng'anjo, kapu m'manja, keke pambale! Njira yozungulira kunja kwa nsanjayo ndi ya zitsulo zamaenjemaenje, mumaona pansi kudzera pakati pa mapazi anu, ndipo amene amadzitama kuti saopa kutalika amadziwikira pamenepa. Kukakhala kopanda mitambo mumaona mapiri a Beskydy chakum'mwera.

Ana nawo sanaiwalidwe. Nyumba ya makina akuluakulu omwe ankapopera mpweya m'ng'anjo, yotchedwa U6, inasanduka malo ophunzirira za makina mogwira ndi manja, ndipo mu 2014 pafupi pake panatsegulidwa nyumba ina yaikulu ya sayansi. M'nyumba za mgodi wa Hlubina, momwe amuna ankasamba mwaye akaweruka, tsopano muli zipinda za oimba, ovina ndi ojambula.

Koma chimake cha zonsezi chimafika mwezi wa July. Chikondwerero cha nyimbo cha Colours of Ostrava chinayamba mu 2002 n'kusamukira m'fakitalemu mu 2012. Kwa masiku anayi anthu zikwizikwi amadzaza mpandawo, oimba ochokera kumayiko osiyanasiyana akusinthana pa nsanja zomangidwa pakati pa mapaipi. Dzuwa likalowa ng'anjo zimawalitsidwa ndi magetsi ofiira, obiriwira ndi ena, ndipo zidzukulu za anthu amene ankatuluka thukuta pamenepa kuti apeze chakudya zimatuluka thukuta lovina mpaka mbandakucha. Ngati mukufuna kupita nthawi imeneyi, pezeranitu malo ogona miyezi ingapo isanafike, apo ayi mukagona m'tenti.

Mukatsala ndi mphamvu m'miyendo, wolokani mtsinje wa Ostravice mukakwere Ema. Ndi phiri lopangidwa ndi anthu, mulu wa miyala yotayidwa kuchokera m'migodi, ndipo mkati mwake mukuyakabe moto mpaka lero. M'ming'alu mumatuluka nthunzi yonunkha ngati mazira ovunda, ndipo nyengo yozizira chipale chofewa chikakuta mzinda wonse, pafupi ndi nsonga pamakhala malo obiriwira chifukwa nthaka ndi yofunda. Anthu a ku Ostrava amakwerako ndi agalu awo Lamulungu masana. Valani nsapato zolimba, ndipo musapatuke m'kanjira kolembedwa zizindikiro.