Injini yogulira pansi: chikomekome cha mkuyu

Chapa ikaima, mabanja atatu amagona ndi njala: la mwini wake, la dalaivala ndi la wotolera ndalama. N'chifukwa chake injini ya Toyota Hiace ikafa pamsewu wochokera ku Tete kudzera ku Moatize kukwera ku Ulongwe, mwini wake sachedwa, amathamangira kwa ogulitsa mainjini akale ochokera kunja.

Vuto ndi lakuti injiniyo amaipeza ili pansi, itakhazikidwa pa tayala lakutha, yotsukidwa mpaka kuwala. Sangaiyese pachitunda. Wogulitsa amati siinayende kwambiri, koma wotchi ya makilomita inatsala m'galimoto imene anaiphwasula kutsidya kwa nyanja. Komanso Hiace yakale ija, yokhala ndi injini ya dizilo ya 3L kapena 5L, inasiya kugulitsidwa ku Japan mu 2004. Choncho injini yotere yochotsedwa m'galimoto ya ku Japan yaposa zaka 20, ngakhale iwale bwanji. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Komabe injini ili pansi imaulula zambiri kwa makaniko wodekha, ndipo ntchitoyi siitha tsiku.

Maso ayambe

Choyamba ndi kutsegula chitsekero chothirira oyilo. Ngati kunsi kwake kuli phala lotuwa ngati chambiko, ndiye kuti madzi ankalowa mu oyilo, ndipo gasiketi inapsa kapena mutu wa injini unang'aluka. Ngati m'katimo muli matope akuda owuma ngati phula, mwini woyamba sankasintha oyilo panthawi yake.

Kenaka makaniko amasuzumira m'mapaipi a madzi. Dzimbiri lofiira lochuluka ndi umboni wakuti injiniyo inkayendera madzi wamba, ndipo yotere imachedwa kuzizira. Amaonanso mabauti a pamutu: akakhala okumbika ndi sipanala, kapena pakakhala guluu watsopano m'mphepete, injiniyo inatsegulidwapo kale ndipo wogulitsa ayenera kufotokoza chifukwa chake.

Pomaliza amamasula bauti ya pansi n'kudonthezera oyilo wotsala pambale yoyera, kapena amadula fyuluta ya oyilo pakati. Tizitsulo tonyezimira ngati mchenga wa golide ndi mabering'i amene akudyeka. Apo palibe zokambirana za mtengo, n'kungotsazika.

Manja atsatire

Makaniko amaika sipanala pa bauti yaikulu ya kutsogolo n'kuzunguza injini kawiri kathunthu. Injini ya masilinda anayi iyenera kulimba kanayi mofanana, n'kumasukanso. Ikamazungulira mopepuka ngati mpukutu wa ulusi, mphamvu inatha. Ikakakamira pamalo amodzi, mwina madzi a mvula analowa m'silinda ili padoko kapena pabwalo la wogulitsa. Amakankhanso ndi kukoka fulaiwilo: ikamagwedera moti n'kumveka kugogoda, m'kati mwadyeka.

Geji siinama

Muyeso weniweni ndi wa mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya, imene amakaniko amaitcha kompuresheni. Amathira oyilo, amamangirira sitata ndi batire yodzaza bwino, amachotsa mapulagi onse otenthetsera, n'kumaika geji ya dizilo pa silinda iliyonse. Pa mainjini a 2L, 3L ndi 5L, Toyota inaika 32 kg/cm² ngati muyeso wa injini yabwino, ndipo 20 ndiye malire a pansi. Kusiyana kwa masilinda kusapose 5. Injini yozizira imaonetsa motsikirapo pang'ono, choncho chofunika kwambiri ndi kufanana. Masilinda awiri oyandikana akatsika limodzi, kawirikawiri gasiketi inapsa pakati pawo. Onse akatsika, maring'i atha.

Wogulitsa akalola, injini ingathe kulizidwa pomwepo ndi dizilo wa m'chigubu, koma kwa mphindi imodzi yokha popeza ilibe madzi. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Pochotsa chitsekero cha oyilo injini ikulira, utsi ukamatuluka mopuma ngati mvukuto, mphamvu ikuthawira pansi. Wogulitsa wokana geji ndi batire waulula kale zimene akubisa.

Isanakwezedwe m'galimoto

Ngakhale injini ipambane zonsezi, lamba wa taimingi asinthidwe ikadali pansi, pamene ntchitoyo ndi yosavuta. Lambayu amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, ndipo palibe amene akudziwa pamene wakaleyo anafika. Akaduka galimoto ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu n'kuwapinda, ndalama zonse n'kulowa m'madzi.

Mwini chapa afunsenso chimene chinapha injini yake yoyamba. Ku Tete, m'miyezi ya October ndi November, kutentha kumaposa madigiri 40, ndipo chapa yodzaza ikamakwera mapiri a ku Angónia, radiyeta yotsekeka imapha injini yachiwiri monga inaphera yoyamba.

Chotsala ndi mapepala. Nambala yodindidwa pathupi la injini ifanane ndi imene ili pa lisiti ndi pamapepala a kasitomu, ndipo isaoneke yopalidwa. Injini yakuba imalandidwa, wogula n'kutsala manja lende. Lonjezo lakuti injini ikavuta idzabwezedwa lilembedwe, ndi masiku ake, pamaso pa mboni.

Ndalama yolipira makaniko wodziimira payekha, wosakhala mnzake wa wogulitsa, ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa injini, umene ambiri amachita kukongola. Kuona maso a nkhono n'kudekha.