Ng'oma imene inasanduka chisa cha nkhuku

Ng'oma ya mganda ya m'mudzi mwathu ku Dowa inatsika udindo mpaka kusanduka chisa cha nkhuku. Inkagona pansi pa nkhokwe ya amalume, chikopa cha mbali imodzi chitang'ambika pakati, ndipo thadzi lawo lakuda linkaikira mazira m'menemo mopanda mantha. Mbali inayo munthu wina wanzeru zake anakhomapo thumba la feteleza ndi misomali ya malata. Thupi lonse linali phaa ndi penti wobiriwira, wotsala popenta zitseko, ndipo ukaisuntha pang'ono pansi pankatsala kaufa ka afumbwe. Ukaigogoda inkangoti phwa, ngati ukumenya dzungu lowola.

Chonsecho ng'oma iyi ndi ya mbiri. Mganda, monganso malipenga a ku Nkhata Bay ndi ku Karonga, unabadwa potsanzira perete wa asilikali a King's African Rifles amene anabwerera kumudzi nkhondo ya 1914 mpaka 1918 itatha. N'chifukwa chake gulu lovina limatchedwa boma, limakhala ndi kingi wake, ndipo amuna amavina m'mizere atatchena makabudula oyera, malipenga azikho ali pakamwa. Ng'oma yake imakhala ndi zikopa mbali zonse ziwiri, zokokana ndi zingwe, potengera ng'oma yaikulu ya bandi ya asilikali. Mbalule ndi mpanje za gule wamkulu ndi zina: izo chikopa chimakhala kumodzi, chokhomedwa ndi zikhomo.

Ng'oma yathu ija tinaitengera panjinga kwa agogo ena a m'mudzi woyandikana nawo, osema mitondo ndi mipini. Anaizungulira, n'kuigogoda ndi nkhonya m'mbali, khutu atatchera. "Mtengowu uli moyo, mdzukulu wanga," anatero. "Ng'oma siinafe iyi. Mwangoitseka pakamwa ndinu."

Titadula zingwe zakale ndi kuzula misomali, m'katimo munatuluka nthenga, zitosi, zisa za makoswe, kenaka kandalama kakuda kobooka pakati. Titakapukuta ndi phulusa tinaona njovu ziwiri ndi mawu akuti Rhodesia and Nyasaland. Inali peni ya nthawi ya chitaganya, chimene chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Amalume anakalanda nthawi yomweyo, ati ndiwo umboni woti ng'omayo inaliza mabwalo kwacha isanabwere mu 1971.

Ntchito yokoma kuposa zonse inali yopala penti. Agogo anakana mpeni, anakananso mankhwala a kusitolo. Anaswa botolo, n'kusankha chidutswa chamlomo wowongoka, n'kundionetsa kapalidwe kake: kutsatira mitsempha ya mtengo, osaidutsa. Pansi pa wobiriwira panali penti wofiira, pansi pa wofiira panali mwaye ndi thukuta la manja a anthu amene anapita kale. Kenaka mtengo weniweni unasuzumira, wofiirira, wamizere yagolide yopindikapindika. Mlombwa! Uwu ndi mtengo uja umatuluka utomoni wofiira ukautema, umene akalipentala amaulimbirana popanga zitseko ndi mipando. Apa m'pamene chinsinsi cha afumbwe chinaululika. Tizilomboti timadya mnofu woyera wakunja kwa mlombwa, koma mtima wake timaulephera. Pang'oma yathuyi tizilomboto tinali titangoboola kamzere koyera kamene wosema anasiya mbali imodzi, kwina konseko kuli gwa. Titapitiriza kupala tinapezanso mizere ya manongonongo yootchedwa ndi chitsulo chamoto, yozungulira m'chiuno monse, imene ngakhale amalume anali ataiiwala.

Mng'alu unalipo umodzi, wautali kuposa chikhatho. Tinasakaniza guluu wa matabwa ndi utuchi wa ng'oma yomweyo kuti mtundu usasiyane, n'kumata, n'kumanga thupi lonse ndi malegeni kuti ligwirane. M'kati tinafukizamo utsi, tizilombo totsala tisamuke.

Pamlomo m'pamene agogo anakhalitsa. Anaimika ng'omayo pasimenti yosalala n'kugwada, kuyang'ana pamene kuwala kukulowera pansi. Paliponse pokwera ankapala pang'ono, n'kuimikanso, n'kugwadanso, ndi mawondo aukalamba omwewo. Chifukwa chake n'chakuti chikopa chimagona pamlomo. Mlomo ukakhala wa zigwembe, chikopa chimakoka kwina n'kulendewera kwina, ndipo ng'oma imalira mwachimfine ngakhale uikoke bwanji. Misomali ya malata ija inali itasiya mabala ambiri pamenepa, ndipo lililonse linamatidwa palokha.

Msuweni wanga wa ku Lilongwe anabwera ndi chitini cha vanishi, mtima uli mbee. Ndinamubweza nacho, ndipo mpaka lero ndimati ndinachita bwino. Vanishi amakhala pamwamba pa mtengo, amanyezimira chaka chimodzi, kenaka amasweka ndi kutentha kwa moto wowambira n'kuyamba kusupuka. Ife tinapaka mafuta a nsatsi, mtengo n'kumwa, n'kupakanso, kenaka phula la njuchi lofewetsa padzuwa, n'kupukuta ndi chiguduli mpaka mkono kuwawa. Kufiira kuja kunazama, mizere yootcha ija inatulukira poyera, ndipo amayi odutsa popita kudambo anayamba kutula ndowa zawo.

Chikopa tinagula cha ng'ombe, chosafufuta, chongoumitsa. Chinagona m'madzi mpaka kufewa. Agogo anadula zozungulira ziwiri zokulirapo kuposa mlomo, n'kuboola m'mphepete motalikirana mofanana. Chotsalacho anachilenga mozungulira, kuyambira kunja kulowa m'kati, mpaka chinasanduka chingwe chimodzi chachitali chopanda mfundo. Powamba pamafunika anthu awiri: uyu akakoka kuno, mnzake akoke kutsidya, pang'onopang'ono, kuzungulira kangapo. Chikopa chachiwisi chimafota chikamauma, ndiye chimamaliza chokha ntchito yokoka. Koma chiumire pamthunzi. Ukachiika padzuwa chimauma kunja m'kati mukadali chinyezi, ndipo chimang'ambikira m'mabowo. Anyamata ankabwera m'mawa uliwonse zala zikuyabwa, agogo n'kumawathamangitsa ndi mpini. Chitauma anameta ubweya pakati ndi lezala, n'kusiya mphonje ya ubweya wakuda ndi woyera m'mphepete.

Tsiku loiyesa tinayatsa kamoto ka udzu pabwalo. Agogo anaitembenuzira kumoto, uku akuigogoda ndi chala, mawu ake n'kumakwera tikumva. Atakhutira anapereka chibonga kwa amalume. "Menyani, bambo. Ndi yanu."

Gu! Agalu anabalalika. Gu, gu-gu! Mawu ake anali onona, ochokera pansi, ogunda m'chifuwa. Nthungululu zinayambira kumpopi. Nkhalamba ina imene imayenda ndi ndodo kupita kutchalitchi inaponya ndodoyo kumbali n'kuyamba sitepe, mapewa ali m'mwamba, mpango wa m'thumba uli m'manja.

Dzuwa lisanalowe, mnyamata wa panjinga anafika kuchokera kutsidya kwa dambo. Boma la kumeneko linali litamva, ndipo kingi wawo anatuma mawu akuti tikatha kukolola tikakumane pabwalo tione amuna. Amalume anavomera asanafunse n'komwe ngati m'mudzi mwatsala odziwa kuliza lipenga. Usiku womwewo anatsegula sutikesi n'kutulutsa kabudula wawo woyera wa unyamata, ndipo anakanirira m'ntchafu. Panopa telala wa pa Mponela ali ndi makabudula a m'mudzi wonse pamzere, ndipo wa amalume akuti ukufunika nsalu yoonjezera mbali zonse ziwiri.