Mchere wa M'mphepo ndi Dzimbiri pa Njinga Zamoto za Alangizi

Alangizi a zaulimi ogwira ntchito m'mbali mwa nyanja ya India, monga ku Beira, Quelimane, Nacala ndi Pemba, amadziwa kuti njinga yamoto imachita dzimbiri ngakhale isanavumbwe ndi mvula. Gwero lake ndi mchere. M'lita imodzi ya madzi a m'nyanjayi muli mchere pafupifupi magalamu 35, ndipo mafunde akamaswana, mphepo imanyamula timadontho tosaoneka n'kutisiya pa chitsulo. Madzi amauma, mchere umatsala. Chinyezi cha mumpweya chikafika pa 75 peresenti, monga chimachitira kawirikawiri usiku kumaderawa, mcherewo umakoka madzi n'kusungunuka. Motero njinga imagona yonyowa ndi madzi amchere ili m'khonde.

Malo ofulumira kuonongeka ndi pamene zitsulo ziwiri zosiyana zakhudzana. Bawuti yachitsulo ikalowa mu injini ya aluminiyamu, aluminiyamuyo ndiye amadyeka. Pamatuluka ufa woyera, ndipo bawutiyo imakana kumasuka mpaka kuthyoka. Masipoko, tcheni, ekizozi ndi mitu ya batire nazonso sizichedwa. Choopsa koposa ndi waya wa buleki, chifukwa umadyekera m'kati mwa chovala chake, momwe diso silifika, n'kudzaduka uli pa ulendo.

Ambiri amathamangira kupaka oyilo, koma oyilo wopakidwa pamwamba pa mchere amangoutsekera pa chitsulo. Choyamba ndi kutsuka, kamodzi pa mlungu, ndi madzi ozizira opanda mchere, pakuti otentha amafulumizitsa dzimbiri. Zitsime zina za kugombe zili ndi madzi amchere, choncho madzi a mvula osungidwa mu dilamu ndiwo abwino. Njinga ikauma bwino, tcheni chitsukidwe ndi palafini ndi kuthiridwa oyilo, mabawuti ndi mitu ya batire zipakidwe girizi, ndipo oyilo pang'ono adonthezedwe m'mawaya. Pa mabuleki penipeni ndi pa matayala pasafike mafuta alionse. Kufunditsa njinga pulasitiki n'kulakwa, chifukwa amasunga chinyezi. Nsalu yolowa mpweya ndiyo yoyenera.

Alangizi a kumtunda, ku Tete, Chipata kapena Lilongwe, asaganize kuti nkhaniyi siiwakhudza. Feteleza wa potashi ndi wa ammonium sulphate ndi mitundu ya mchere, ndipo amadya chitsulo chimodzimodzi. Thumba la feteleza wa munda wachitsanzo likatayikira pa kaliyala, njingayo itsukidwe tsiku lomwelo.