Lonjezo la Loya Pogulitsa Nyumba

Kugulitsa nyumba kumasiyana ndi kugulitsa mbuzi pa msika wa pa Rumphi Boma. Mbuzi mukagwirizana mtengo, ndalama mulandira pompo. Nyumba ayi. Mapepala a umwini ayenera kuyamba asinthidwa dzina ku ofesi ya za malo. Kwa ife a kumpoto, ofesi yaikulu ya za malo ili ku Mzuzu. Pafunikanso kalata ya ku MRA yosonyeza kuti misonkho ili bwino. Zonsezi zimatha kutenga miyezi.

Tsono ngati wogulayo akugula ndi ngongole ya ku banki, mudzadikira ndithu. Banki siitulutsa ndalama mpaka itaona kuti nyumbayo yalembedwa ngati chikole chake.

Nanga wogulitsa akafuna ndalama msanga atani? Mwina akufuna feteleza wa fodya mvula isanagwe. Mwina wapeza nyumba ina ku Mzuzu ndipo mwini wake sakufuna kudikira. Apa ena amatenga ngongole ya kanthaŵi kochepa. Ili ngati mlatho wa pa mtsinje wa South Rukuru: ingokuwolotsani kuchokera tsiku logulitsa kufika tsiku lolandira ndalama.

Koma wokongoza ndalama amafunsa kuti, “Ndidziŵa bwanji kuti mudzandibwezera?” Nyumba sangaigwire, pakuti yagulitsidwa kale. Yankho lake ndi kalata ya loya amene akuyendetsa malondawo. Maloya amaitcha undertaking. M’kalatamo loya amalonjeza kuti ndalama za nyumba zikafika m’manja mwake, adzayamba walipira wokongoza uja. Zotsala ndizo adzapatsa wogulitsa. Loya salemba kalatayi mwa yekha. Wogulitsa amayamba wasayina kuti walola, ndipo kaŵirikaŵiri chilolezocho sichibwezedwa. Simungadzuke maŵa ndi kunena kuti mwasintha maganizo.

Kodi kapepala chabe n’kukhulupirika chonchi chifukwa chiyani? Chifukwa lonjezoli limamanga loya mwini wake. Akaliphwanya, khoti likhoza kumukakamiza kuchita zimene analonjeza. Bungwe la maloya, la Malawi Law Society, limamvanso madandaulo otere, ndipo loya wolakwa akhoza kuimitsidwa ntchito. Komanso ndalama za anthu loya sasakaniza ndi zake. Amazisunga ku banki m’buku lapadera la anthu amene akuwagwirira ntchito.

Tsopano mvetsetsani apa, pakuti ambiri amagwa pomwepa. Makalata ambiri otere amati loya adzalipira “ndalama za nyumba zikafika”. Mawu aŵa ndi ochepa koma ndi olemera. Wogula akathaŵa, kapena banki ikamukaniza ngongole, ndalama sizifika. Zikatero loya alibe mlandu. Ngongole yonse itsala pa mutu pa wogulitsa, pamodzi ndi chiwongoladzanja chake.

Tiyeni tiŵerengere mongoyerekeza. Munthu wakongola K4,000,000. Agwirizana kuti pa K100 iliyonse aziwonjezera K5 pa mwezi. Ndiye kuti mwezi uliwonse ngongole ikukula ndi K200,000. Iye amayesa kuti mapepala atha m’miyezi iŵiri, nadzalipira K400,000 yapamwamba. Koma mapepala achedwa miyezi isanu ndi umodzi. Yapamwamba ija yafika K1,200,000. Ndalama zonsezi zidzachotsedwa pa mtengo wa nyumba iye asanagwire ngakhale tambala. Ngongole yotere ikachedwa imayamba kufanana ndi katapila, ngakhale ili ndi chidindo cha loya.

Pali chinanso. Malo ambiri kuno kwathu, monga ku Bolero, ku Hewe ndi ku Mhuju, ndi a makolo, ndipo ambiri alibe mapepala a umwini. Lamulo la malo a makolo la 2016 linatsegula njira yoti anthu azilembetsa malo otere, koma malo osalembetsa banki siilandira ngati chikole. Kalata ya mfumu yokha siikwanira pa malonda a mtundu umene tikukambawu. Nkhaniyi ikukhudza makamaka nyumba zokhala ndi lizi, monga zina za pa Boma ndi za m’matauni.

Musanasayine, pemphani loya akuŵerengereni kalatayo pang’onopang’ono, ndipo akumasulireni m’Chitumbuka kapena m’Chicheŵa, pakuti imalembedwa m’Chingerezi. Inunso tsopano mukudziŵa kuŵerenga. Yang’anani manambala ndi maso anu. Mufunseni kuti, “Bwana, malonda akalephereka, alipira ndani?” Mufunsenso ngati banki ya wogula yavomera kale ngongole, ndipo muone kalata yake. Ngati simukumudziŵa bwino loyayo, funsani ku Malawi Law Society ngati ali ndi chiphaso cha chaka chino, chifukwa chiphaso cha uloya chimatengedwa chaka ndi chaka. Pepala lililonse limene mwasayina, tengani lanu mukasunge kunyumba.