KABUKU KACHIKASU: UMBONI WA KATEMERA PA ULENDO WA KUNJA

Masiku ano ndi mabanja oŵerengeka okha amene alibe mwana, mphwawo kapena mdzukulu kunja kwa dziko lino. Kale makolo athu ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya fodya ya ku Harare. Lero ana athu ali ku Johannesburg, ku London, ku Nairobi, ku Kampala ndi ku Lubumbashi, ena pa sukulu, ena pa ntchito, ena pa malonda. Amadwala komweko nachira komweko, ndipo ana awo amabadwira komweko ndi kupita ku sikelo komweko. Tsono limafika tsiku lakuti anyamuke, kubwera kwawo kuno kapena kupita ku dziko lina, ndipo pa chipata amafunsidwa funso limene sanalikonzekere: “Kodi muli ndi umboni wakuti munalandira katemera?”

Tiyerekeze kuti mwana wanu wamkazi wakhala zaka 5 ku Kampala. M'chaka chake choyamba analandira katemera wa yellow fever pa chipatala china cha kumeneko, koma kabuku kamene anampatsa kanasoŵa posamuka nyumba. Usiku wina alandira lamya yakuti atate ake ali kayakaya. M'maŵa mwake agula tikiti yodzera ku Johannesburg nathamangira ku bwalo la ndege. Kalaliki ampempha kabuku kaja. Iye alumbira kuti anabayitsa ndithu, ndipo akunena zoona. Koma kalaliki sanalembedwe ntchito yoŵeruza mitima ya anthu. Iye afuna kuona pepala. Ndege ikhoza kunyamuka mwanayo ali chiimire pa mzere. Katemera ali m'thupi mwake, koma umboni palibe.

CHIYAMBI CHA KABUKU

Akuluakulu ambiri ali ndi chipsera pamkono chimene chinatsala atatemeredwa nthomba. M'masiku amenewo munthu wopita kutali ankayenda ndi chiphaso cha nthomba pamodzi ndi pasipoti. M'chaka cha 1951 maiko a m'bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO anagwirizana malamulo oletsa matenda kuoloka malire, ndipo m'chaka cha 1969 malamulowo anakonzedwanso natchedwa International Health Regulations. Nthaŵi imeneyo ziphaso zinali za nthomba, kolera ndi yellow fever. Cha kolera chinachotsedwa mu 1973 ataona kuti katemera wa masikuwo sankaletsa matendawo kufalikira. Munthu wotsiriza kutenga nthomba mwachilengedwe anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo pa 8 May 1980 bungwe la WHO linalengeza kuti nthomba yatha pa dziko lapansi. Chiphaso chake chinathera pomwepo.

Chimene chinatsala ndi cha yellow fever. Malamulo amene akugwira ntchito tsopano anakhazikitsidwa mu 2005 nayamba kutsatidwa mu June 2007, ndipo pafupifupi maiko onse, kuphatikizapo Malaŵi, anawavomereza. M'malamulo ameneŵa ndimo muli maonekedwe a kabuku kachikasu kamene tikunena pano.

CHIFUKWA CHAKE MAIKO AMAUMA MTIMA

Yellow fever ndi matenda oyamba ndi kachirombo kamene kamafalitsidwa ndi udzudzu woluma makamaka masana, wosiyana ndi uja wa malungo. Munthu amayamba kudwala patapita masiku 3 mpaka 6 chilumidwire: thupi kutentha, mutu ndi msana kupweteka, kusanza. Ambiri amachira m'masiku oŵerengeka. Koma mwa ena matendawo amabwerera ndi ukali, nagwira chiŵindi ndi impso. Maso amachita chikasu, magazi amatuluka m'kamwa ndi m'mphuno, ndipo pafupifupi theka la ofika pamenepo amamwalira. Mankhwala ophera kachiromboko palibe. Chitetezo chenicheni ndi katemera, amene anapangidwa m'chaka cha 1937 ndi Max Theiler, dotolo wobadwira ku Pretoria, yemwe anapatsidwa mphoto ya Nobel mu 1951 chifukwa cha ntchito imeneyi.

Matendaŵa amapezeka m'maiko ambiri a kumadzulo ndi pakati pa Africa, ku Uganda, ku Kenya, ku Ethiopia, ndiponso ku South America. Kuno ku Malaŵi ndi ku South Africa kulibe, koma udzudzu wotha kuwafalitsa ulipo. Munthu mmodzi wofika ndi kachirombo m'magazi akhoza kulumidwa ndi udzudzu wa kuno, moto nkuyaka m'mudzi wa anthu amene sanatemeredwepo. Izi si zongoganizira. Mliri umene unabuka ku Luanda kumapeto kwa 2015 unafalikira ku Democratic Republic of Congo, ndipo mu 2016 anthu 11 amene ankagwira ntchito ku Angola anakafika nawo matendaŵa kwawo ku China. Chotero kabuku kachikasu kamateteza mbali ziŵiri: mlendo mwini, ndi anthu a kumene iye akupita.

Pali maiko, monga Ghana ndi Democratic Republic of Congo, amene amafuna kabuku kwa mlendo aliyense. Ena, monga Malaŵi ndi South Africa, amakafuna kwa munthu wochokera ku dziko limene kuli matendaŵa, kuyambira wa chaka chimodzi, ngakhalenso kwa amene wangodikira ndege pa bwalo la dziko lotero kupitirira maola 12. Mfundo yomalizayi njofunika kwa ife, pakuti ndege zambiri zobwera kuno zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi.

KODI KATEMERA WOLANDIRA KUNJA NGOVOMEREZEKA?

Inde. Malamulo safunsa kuti munabayitsa m'dziko liti, kapena kuti ndinu nzika ya kuti. Mmalaŵi amene analandira katemera ku London, ku Pretoria kapena ku Kampala ali ndi chiphaso chofanana mphamvu ndi cha amene analandira ku Lilongwe, malinga ngati chinalembedwa moyenera. Tsegulani kabuku kanu muone ngati muli zinthu izi: dzina lanu monga momwe lilili m'pasipoti, tsiku lobadwa, siginecha yanu, dzina la katemera, tsiku limene munabayitsa, dzina la kampani yopanga katemerayo ndi nambala ya gulu la mabotolo amene wanuyo anatengedwamo, siginecha ya dotolo kapena namwino wololedwa, ndi chidindo cha chipatalacho. Chiphaso chiyenera kulembedwa m'Chingerezi kapena m'Chifalansa, ngakhale chinenero china chikhoza kuonjezeredwa. Izi azikumbukire amene akukhala m'maiko olankhula Chipwitikizi, Chiarabu kapena Chitchaina.

Si chipatala chilichonse chimene chili ndi chilolezo chopereka katemera ameneyu. Dziko lililonse limasankha malo ake ovomerezeka ndi kuwapatsa chidindo. Kalata wamba ya dotolo, ngakhale ikhale yoona, silowa m'malo mwa kabuku. Kufufuta kapena kukonza chilembo ndi dzanja lanu kukhoza kuphetsa chiphaso chonse. Mayi amene anasintha dzina atakwatiwa ayende ndi kalata ya ukwati, kapena akonzetse dzinalo ku malo ovomerezeka ulendo usanafike. Munthu aliyense akhale ndi kabuku kakekake, ngakhale mwana wa kumsana. Kholo limasaina m'malo mwa mwana, ndipo wosadziŵa kulemba amaika chizindikiro chake, wina nachitira umboni.

Chiphaso chimayamba kugwira ntchito patapita masiku 10 chibayitsire. Wobayitsa lero nafuna kukwera ndege maŵa wachedwa. Kale chinkatha mphamvu pakapita zaka 10, koma kuyambira pa 11 July 2016 katemera mmodzi amaŵerengedwa wa moyo wonse, ndipo lamulo limeneli likukhudzanso timabuku takale timene tinalembedwa tsiku lothera. Wina akakuuzani kuti kabuku kanu ka 2009 kanatha, muyankheni mwaulemu kuti lamulo linasintha.

Pali ena amene sayenera kulandira katemerayu: makanda osakwana miyezi 6, anthu amene thupi lawo limadana kwambiri ndi mazira, ndi amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika kwambiri. Amayi oyembekezera ndi okalamba opitirira zaka 60 ayambe akambirana ndi dotolo. Otereŵa amapatsidwa kalata yofotokoza chifukwa chake, koma dziko limene akupitalo lili ndi ufulu woilandira kapena kuikana. Wofika wopanda chiphaso akhoza kubwezedwa, kapena kusungidwa payekha mpaka masiku 6.

PHUNZIRO LA MASIKU A COVID-19

Vuto la munthu wotemeredwa kunja linaonekera poyera m'chaka cha 2021. Pa matenda a Covid-19 panalibe chiphaso chimodzi cha dziko lonse, kotero dziko lililonse linapanga chake. Britain inali ndi chake, South Africa chake, ndipo maiko a European Union anayamba chawo pa 1 July 2021. Makaundula ameneŵa sankadziŵana. Munthu amene anabayitsa jekeseni woyamba m'dziko lina, wachiŵiri m'dziko linanso, ankapezeka kuti kulikonse akuoneka ngati wabayitsa kamodzi kokha.

Panalinso china choŵaŵa. Katemera amene anafika m'Malaŵi mu March 2021 anali wa AstraZeneca wopangidwa ku India ndi dzina lakuti Covishield. WHO inamuvomereza, koma sanali pa mndandanda wa bungwe la mankhwala la ku Ulaya, ndipo dziko lililonse la kumeneko linkadzigamulira lokha kumulandira kapena ayi. Britain nayo, pa malamulo amene anayamba pa 4 October 2021, inkaŵerengera anthu obayitsa m'maiko a mu Africa ndi ku India ngati osabayitsa, nkuwauza kuti adzipatule masiku 10, ngakhale mankhwala anali omwewo. Madandaulo atachuluka, maiko ena monga India, Kenya, Ghana, Nigeria ndi South Africa anaikidwa pa mndandanda patapita sabata imodzi.

Pa 5 May 2023 WHO inalengeza kuti Covid-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, ndipo ziphaso zija zinasiya kufunidwa pa zipata. Mu 2024 maiko anakonzanso malamulo kuti ziphaso za umoyo zikhoze kukhala za pepala kapena za pa foni ndi kompyuta. Koma phunziro latsala: amene anasunga kapepala kokhala ndi tsiku, dzina la katemera ndi nambala yake ndiwo amene anavutika pang'ono polembetsa m'kaundula wa dziko lina.

CHENJERANI NDI NJIRA YACHIDULE

Pafupi ndi malire ndi malo okwerera basi sipasoŵa anthu onong'oneza kuti angathe kukupezerani kabuku kodinda kale popanda jekeseni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kabuku kotero kakhoza kukudutsitsani pa chipata, koma udzudzu suŵerenga chidindo. Ndiponso chinyengo cha ochepa chimachititsa kuti a chilungamo akayikiridwe. Mu March 2012 South Africa inabweza anthu 125 a ku Nigeria pa bwalo la ndege la Johannesburg powaganizira kuti timabuku tawo tinali tabodza. Nigeria inabwezera pobweza anthu a ku South Africa, ndipo mkanganowo unatha South Africa itapepesa. Ngati kapepala kameneka kanakanganitsa maboma aŵiri, nanga munthu mmodzi wapaulendo angalimbe bwanji?

ZA ANA OBADWIRA KUNJA

Umboni wa katemera sufunika pa bwalo la ndege pokha. Mwana wobadwira ku South Africa amapatsidwa buku la Road to Health, wa ku Britain buku lofiira, monga momwe wa kuno amakhalira ndi buku la kusikelo. Mndandanda wa akatemera umasiyana dziko ndi dziko. Mwachitsanzo, ku Britain si mwana aliyense amene amalandira katemera wa chifuwa chachikulu, pamene kuno amaperekedwa kwa khanda lililonse. Agogo amene mwalandira mdzukulu wochokera kunja kuti mumlere, funsani buku lake tsiku lomwelo, mupite nalo ku chipatala kuti anamwino aone zimene zatsala. Poliyo itapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe, monga kunalengezedwa mu February 2022, kachirombo kake kanali ka mtundu wochokera ku Pakistan. Matenda amayenda ulendo wautali popanda pasipoti.

ZOYENERA KUCHITA

Mukalandira katemera kunja, musachoke pa chipatalapo musanaŵerenge zimene alemba. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, ndipo chithunzi china mutumize kwa mbale wanu kuno kumudzi. Kabukuko kakhale pamodzi ndi pasipoti, m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Kakasoŵa, bwererani ku chipatala chimene munabayitsira mudakali m'dziko lomwelo, pakuti kumeneko ndiko kuli kaundula wanu, ndipo nkovuta kumutsata muli kutsidya la nyanja. Ngati palibe konse cholembedwa, dotolo wa pa malo ovomerezeka adzakulangizani za kubayitsanso.

Malamulo a maiko amasintha. Mpaka chaka cha 2015 South Africa inkafuna kabuku kwa ochokera ku Zambia, kenaka inaleka. Chotero mwezi umodzi ulendo usanafike, funsani ku ofesi ya kazembe wa dziko limene mukupita, la limene mudzadzeremo, ndi kwa eni ndege. Safunsa anadya phula.

Makolo, polemba kalata kapena poimba lamya kwa ana anu a kunja, mutatha kufunsa za moyo ndi za ntchito, funsaninso kuti, “Kabuku kachikasu kaja kali pati?” Uthenga wa matenda ndi wa maliro sudikira masiku 10. Nkwabwino kuti mwana akafunefune lero, kunja kuli bata, kusiyana ndi kudzakakumbukira ali pa mzere wa ndege, mtima uli kale kumudzi.