Kugona ku Brighton, Kugwira Ntchito ku London

Amene amandifunsa ngati n'kwanzeru kusamukira ku Brighton, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 80 kummwera kwa London, ndimawayankha kuti chiyambire 1841, pamene njanji inafika kumeneko, n'kotheka munthu kugona kunyanja nadyera thukuta lake kulikulu, pakuti sitima yofulumira imafika ku siteshoni ya Victoria ku London pa ola limodzi lokha. Komatu walira mvula walira matope: tikiti ya chaka chonse imadya mapaundi zikwi zingapo, lendi ndi yotsikirapo pang'ono chabe, ndipo gombe lenilenilo, ndinene mosabisa, ndi la miyala, lopanda mchenga. M'nyengo yachisanu mudzalawira kusanache, mphepo yamchere ikukuwombani pokwera chitunda cha kusiteshoni, nimudzabwerera ana atagona kale.