Umboni wa Darwin M'magazi a Ana a ku Ndirande

Mfundo imene Charles Darwin anafalitsa mu 1859 ndi yosavuta kuinena koma yovuta kuiona ndi maso. Zamoyo za mtundu umodzi sizibadwa zofanana. Zimene chibadwa chawo chikugwirizana ndi malo zimapulumuka n'kuswana kwambiri, ndipo pakadutsa mibadwo yambiri mtundu wonse umasintha. Kungoti mbadwo wa njovu umatenga zaka zambirimbiri. Tizilombo ta malungo ta Plasmodium falciparum sitichedwa choncho: m'magazi a munthu timachulukana pa maola 48 alionse, moti kusintha kwake munthu angakuone asanakalambe.

Kachilomboka kakalowa m'maselo ofiira a magazi kamadya zam'katimo, koma zotsalira za chakudyacho zimakhala poizoni, ndiye kamaziumba kuti zisakapweteke. Mankhwala a chloroquine amalepheretsa ntchito youmbayo ndipo kachilombo kamafa ndi poizoni wake womwe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ku Southeast Asia ndi ku South America kunapezeka tizilombo timene kachigawo kena ka DNA yake, kotchedwa pfcrt, kanali kosiyanako. Timeneti tinkatha kutulutsa mankhwalawo asanatiphe. Ta ku Asia tija tinafika kum'mawa kwa Africa cha m'ma 1978.

Anthu amakonda kunena kuti malungo anazolowera mankhwala, koma palibe kachilombo kamene kanaphunzira kalikonse. Wodwala akamwa chloroquine, tizilombo wamba tinkatha psiti, tosamva mankhwala tija n'kutsala tokha, udzudzu n'kutitola kukatisiya kwa munthu wina. Pofika 1992, tizilombo 85 pa 100 tilitonse toyezedwa ku Blantyre tinali tosamva chloroquine. Mu 1993 dziko la Malawi linakhala loyamba mu Africa kusiya mankhwalawa n'kuyamba SP, amene ambiri amawadziwa kuti Fansidar.

Umboni wamphamvu kwambiri unabwera pambuyo pake. Chibadwa chosamva mankhwala chija chili ndi mtengo wake, chifukwa tizilombo tokhala nacho timafookerako pa kakulidwe. Chloroquine ali pomwepo, kufookako sikunali kanthu. Atachoka, tizilombo wamba tochepa timene tinatsala tinayamba kuswana mopitirira tinzake. Pofika 2000, tosamva mankhwala tija tinali titatsika kufika pa 13 pa 100 tilitonse. Mu 2005 ofufuza anayesa mankhwala awiriwa pa ana 210 odwala malungo ku Ndirande, ndipo chloroquine anachiza ana 99 pa 100 alionse, pamene SP, yemwe tsopano ndiye anali atagonja, anachiza 21 okha. Ataunika DNA, anapeza kuti tizilombo tosamva mankhwala tija sitinabwerere ku chibadwa chakale ayi. Mitundu yakale yosiyanasiyana imene inapulumuka ndi imene inachulukanso.

Wina angafunse chifukwa chake boma silinangobwezera chloroquine m'zipatala. Tizilombo tosamva mankhwalawa tinali tidakali tambiri m'mayiko oyandikana nafe, ndipo udzudzu sudziwa malire. Mu 2007 dziko linasankha LA, amene amaphatikiza mankhwala awiri, poti n'zovuta kuti kachilombo kamodzi kabadwe kosamva onse awiri. Ngakhale zili choncho, ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizilombo timene tikuchedwa kufa ndi mankhwala a gulu la artemisinin, lomwe mmodzi mwa mankhwala awiri a mu LA amachokera.